Munga wa Nsomba ndi Makandulo a Agogo

Lamlungu, 2 Febuluwale

Chakumadzulo ndimasita yunifolomu yanga pomwe magetsi anazima, siketi nditangoisita mbali imodzi. Kunja mvula inali itatseka, m'nyumba mwachita mdima. Amayi anatuma Mapalo, mlongo wanga wamng'ono, kuti akafune kandulo. Iye anabwera akuthamanga ndi makandulo awiri aatali oyera, omangidwa pamodzi ndi kansalu kofiira. Pambuyo pake panali Agogo, opanda nsapato, ndodo ili m'mwamba.

"Bweza, iwe! Bweza msanga!"

Anafuna kukuwa, koma mawu awo anatuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

Agogo a Sakala ndi atate awo a Amayi. Akhala nafe kuno ku Chelstone kuyambira pamene Agogo aakazi anamwalira. Mawu awo anasasa m'nyengo yotentha ndipo mpaka lero sanabwerere. Kumeza kukuwavutanso. Nyama amaisiya m'mbale n'kumanamizira kuti ndi yolimba. Akukiliniki anati apite kuchipatala chachikulu akawaunike kummero, ndipo tsiku lake ndi mawa. Agogo akukana. Akuti mawa ndi tsiku la woyera wawo, tsiku limene wansembe amadalitsa makosi a anthu kutchalitchi chawo chakale ku Kabwata, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Amayi anatuluka m'khitchini atagwira chipande.

"Atate, mawa ni kuchipatala. Vamakandulo ivo ine ninasiya kudala."

"Unasiya iweyo. Khosi ndi langa."

"Muzafa na nkhani zanu izi!"

"Ndikafa udzapuma, mayi busa."

Amayi si abusa, amangopemphera kumpingo wa Chipentekoste ku Woodlands, koma Agogo akafuna kuwaputa amawatchula choncho. Anabwerera m'khitchini n'kuyamba kuombanitsa mapoto pambaula. Agogo anakhala pampando wawo wa pawindo, makandulo ali pamiyendo, n'kutikodola ife awiri, ine Taonga ndi Mapalo. Ndalemba monga momwe anayankhulira, kungochotsako kutsokomola.

* * *

Khalani pansi, ana inu. Iwe Mapalo, manja pamaondo, ndiziwaona. Inu kandulo mumaidziwa ngati wantchito wa magetsi, wobwera abwana akathawa. Awa si amenewo. Awa ndi a Dokotala wanga, woyera wa tsiku la mawa uja.

Ayi, si dokotala wagalimoto yaitali ngati a ku Kabulonga. Wanga anakhalako kalekale, kudziko la mapiri ozizira, nthawi imene kukhala Mkhristu unali mlandu. Anali dokotala weniweni, wamankhwala, ndipo anthu anamukonda mpaka anamusankha kukhala episkopi. Mafumu atayamba kusaka Akhristu, iye anakabisala kuphanga. Koma dokotala sabisala. Anthu atamusowa, zinamupeza zinyama. Zinkafika m'mawa pakhomo pa phanga, ichi ndi dzino lake, icho ndi mwendo wake, zili phee pamzere, popanda kukankhana. Mupite pasiteshoni ya minibasi m'tauni mukaone ngati anthu obatizidwa angathe zimenezo.

Mzere umenewo ndiwo unamuulula kwa alenje a mfumu. Anamugwira. Akupita naye kundende, mayi wina anathamangira ndi mwana wake amene munga wa nsomba unamuima pakhosi, maso atatuzuka kale. Dokotala anapemphera manja ali omangidwa, munga n'kutuluka. Panabweranso mayi wamasiye akulira kuti mmbulu wamulanda nkhumba yake imodzi yokhayo. Dokotala anauitana mmbuluwo n'kuuuza kuti ubweze katundu wa eni ake. Unabweza, nkhumba ili yamoyo, itangokwiya basi. Mayi ameneyo ndiye ankamupititsira makandulo kundende kuti asakhale mumdima. Mwaona pomwe zinayambira?

Mapeto ake ndi oipa, Taonga tseka khutu limodzi. Anamupala thupi ndi zipeso zachitsulo zopesera ubweya wa nkhosa kuti akane Mulungu wake. Sanakane. Kenako anamudula mutu. Zipeso zimenezo ine ndikuzidziwa, musaone ngati ndi kachipeso ka m'chikwama cha amayi anu. Ndinagwira ntchito kumafakitale uko, kopanga mabulangete, ndipo makina opesera anali ndi mano otalika ngati chala ichi. Tsiku lina anandigwira mkono wa ovolosi. Ndinakana chilichonse tsiku limenelo, ngakhale dzina langa. Ndiye munthu amene anapirira zimenezo ine ndimamuvulira chipewa.

Mu Lusaka muno ndinabwera ndili mnyamata, kuchokera ku Katete, ndi kathumba kamodzi ndi mphasa. Masiku ano mumakwera basi n'kugona, foni ili m'manja, kudzuka muli ku Chipata. Yathu inkafika pamapiri a ku Luangwa n'kuyamba kuwira ngati ketulo. Amuna tinkatsika, wina atanyamula mwala kumbuyo kwa tayala, basi ikapuma iye aike, ikayenda anyamule. Theka la ulendo ndinabwera wapansi, koma tikiti ndinalipira yonse. Pamlatho tinkagula nsomba zouma, fungo lake n'kukhala m'malaya mpaka Khirisimasi.

Ndinakafikira ku Kabwata, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Mpopi unali umodzi kwa mtundu wonse wa anthu. Chakudya cham'mawa chinali madzi a shuga ndi banzi, ukapeza banzilo. Taonga apa nkhope yagwa chifukwa siketi yasitidwa mbali imodzi. Ife tinkasita ndi nsimbi ya makala, yokhala ndi katambala pamwamba. Unkaizunguza m'mwamba kuti moto uyake, ndipo khala likadumphira pa shati, umangoti ndi sitayilo.

M'nyumbamo ndinkagona ndi mnzanga Che Amadu, telala wa pakhonde la sitolo ku Kamwala. Anali Msilamu, makolo ake anachokera ku Malawi. Iye akamapemphera ine ndinkatuluka kukatsuka mbale, ine ndikamanena korona iye ankasoka mabatani. Sitinakanganepo za Mulungu. Tinkakangana za bulangete.

Tsono kutchalitchi kwathu achinyamata ankachita sewero la moyo wa Dokotala chaka chilichonse. Ine ndinaikirapo mtima kuti ndikhala Dokotalayo. Ndinasunga ndevu miyezi yambiri, ndikuzidzoza mafuta, chifukwa pachithunzi woyerayo ali ndi ndevu mpaka pachifuwa. Tsiku logawa mbali, akatekisiti anandiyang'ana, n'kuyang'ana ndevu, n'kunena kuti, "Sakala, mawu ako ndi aakulu. Iwe ukhala nkhumba."

Seka bwino, Mapalo, ungagwe.

Chovala cha nkhumba anasoka ndi Che Amadu, ndi masaka a chimanga. Anati, "Ndisoka, koma usandiuze dzina lake. Kwa ine iyi ndi mbuzi yonenepa." Anasoka bwino kwambiri, ndi kamchira kopotana komwe.

Koma mverani mmene Mulungu amayendera. Mbali ya mayi wamasiye anapatsa mtsikana wina wa m'kwaya, dzina lake Felista. Agogo anu amenewo. Loweruka lililonse pokonzekera sewero iye ankandigwira mutu n'kumalira, "Nkhumba yanga! Nkhumba yanga imodzi yokhayo!" Mnyamata amene anakhala Dokotala anangoima poteropo ndi ndodo yake, palibe anamugwira. Munthu akakulirira Loweruka lililonse, mtima umafewa. Sewero litatha ndinamufunsa ngati angafune kuisunga nkhumbayo. Anati, "Ndiiona kaye kadyedwe kake."

Linafika tsiku lokaonekera kwa makolo ake. M'bale ndinalibe m'tauni muno, choncho anandiperekeza ndi Che Amadu. Anandisokera jekete ya buluu, kolala ngati makutu a njovu, nsalu yonyezimira ija ya nthawi imeneyo, yooneka ya mabwana koma yoopa moto. Ndinatumiziratu mtolo wa nsomba zouma za ku Luangwa kuti adziwe kuti mkamwini si womana. Tsoka ndinadzigulira ndekha.

Muyenera kudziwa malamulo ake. Masiku ano mkamwini amalowa kwa apongozi atavala kabudula, moni wake "Shani, ba mami!" n'kutsegula firiji yekha. Atate anu sindikuwanena, ali kutali kumigodi, sangadziyankhire. Nthawi yathu apongozi aakazi sunkawayang'ana kumaso. Ukakumana nawo panjira unkapatukira kuthengo. Ku Kabwata kunalibe thengo, tinkapatukira m'ngalande. Pakudya, nsima osamaliza, uzisiyako ya ana. Kutafuna osamveka. Ndipo koposa zonse, osatsokomola, chifukwa kutsokomola ndiye kuti ndiwo za apongozi zakunyansa.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, pakati atapachika chitenje m'malo mwa chitseko. Ife anatikhazika mbali ino. Mbali inayo tinkangoona mapazi pansi pa chitenje: a apongozi aakazi, ndi nsapato zazikulu za apongozi aamuna. Mapazi amenewo ankamvetsera chilichonse.

Felista anagwada, n'kuika mbale, n'kutuluka. Ndiwo zake, nsomba zanga zomwe zija, zothira nsinjiro. Ndinadya mwaulemu, ndikutafuna ngati munthu woba. Ndisanafike patali ndinamva kuti tsi! Munga waima chopingasa, apa.

Ndinanong'oneza, "Amadu, munga."

"Meza."

"Wakana."

"Meza nsima yosatafuna, ikaukankhe."

Ndinameza nthongo. Munga uli pompo. Ndinameza ina yaikulu. Uli pompo. Amadu akuumba, ine ndikumeza, akuumba, ndikumeza, misozi ikutsikira m'ndevu. Pozindikira, mbale ili mbee.

Amadu anagwira kumutu. "Wamaliza nsima ya apongozi, iwe! Anena kuti ndabweretsa dzombe!"

Felista anabwera kudzachotsa mbale. Anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ine. Kadyedwe kaja anali atakaona tsopano.

"Mukulira chiyani? Tsabola sindinathire."

Ndinaloza pakhosi. Anathamangira kuseri kwa chitenje. Tinamva manong'onong'o, mapazi akusuntha. Kenako mawu a apongozi aamuna: "Mumuuze atsokomole, nanga afere m'nyumba mwanga?"

Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe. Pomwepo apongozi aakazi anayankha: "Atsokomole bwanji? Simukuona kuti mwanayu ndi woleredwa? Wina akanatilavulira kale pano."

Basi. Anditamanda. Munthu wotamandidwa ndi apongozi angatsokomolenso? Ndinaubweza mpweya uja. Ndinati ndife ndithu, koma ndife woleredwa.

Apongozi anga anali mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, ndipo ankasunga makandulo odalitsidwa m'sutikesi. Tinaona mkono ukutuluka m'mbali mwa chitenje, utagwira makandulo awiri. Mawu ankayankhula ndi khoma, poti ndi ine sakanayankhula: "Auzeni alendo awapingase pakhosi. Ine ndipemphera kuno."

Agwire ndani? Apongozi sangandiyandikire. Felista sangandigwire makolo ake ali pomwepo. Anatsala Che Amadu.

Tsono mwambo wake uli chonchi, penyani. Wansembe amapingasa makandulo awiri ngati mtanda, n'kukuika pakhosi, limodzi mbali ino, lina mbali iyo, n'kunena pemphero. Osayatsa. Mwana aliyense wa Chikatolika amadziwa kuti osayatsa, n'chifukwa chake palibe anaganiza zonena. Koma Amadu m'tchalitchi mwathu anali asanalowemo, ndipo anali munthu wanzeru zake. Kandulo ntchito yake n'chiyani?

Ine ndinagwada, n'kutsinzina, n'kukweza chibwano monga timachitira. Kuseri kwa chitenje pemphero linayamba. Ndinamva machesi kuti tswa! Ndinati apongozi aamuna akuyatsa fodya, mtima wawathina. Kenako ndinamva fungo ngati akuwawula mbuzi. Ndinati ha, anthu awa ulemu, andipheranso mbuzi ndisanakwatire n'komwe.

Mbuziyo ndinali ine.

Ndevu zija za mafuta zinagwira mbali ino, kolala inagwira mbali iyo. Ndinatsegula maso n'kuona Amadu ataima nji, atagwiritsa makandulo, thukuta lili kamukamu, akuganiza kuti mankhwala ake amayenda choncho. Kuleredwa konse kunathawa. Ndinakuwa, "Amayi ineee!" Mawu aja a nkhumba, onse. Ndipo munga unatuluka nawo, n'kukagwera m'mbale kuti nge!

Chitenje chinang'ambika. Apongozi aakazi anatulukira ndi beseni la madzi osamba m'manja n'kundikhuthulira lonse kumutu. Utsi utatha tinapezeka tikuyang'anana maso ndi maso, ine ndi apongozi anga, ndevu theka, kolala itasungunuka ngati switi. Ndinafuna ngalande yoti ndipatukiremo, munalibe. Ndinadziwa kuti ukwati wapsera limodzi ndi jekete.

Anayamba ndi apongozi aamuna. Anaseka mpaka anatsokomola iwowo, n'kukhala pansi. Apongozi aakazi anaika beseni, n'kupukuta manja, n'kunena, akundiyang'ana ndithu, "Waitana amayi, ndabwera. Zothawana zathera pano. Felista, mupatse mwanayu malaya a atate ako."

Che Amadu anali akadagwirabe makandulo. Anawayang'ana mwaulemu n'kunena, "Koma mankhwala anuwa ndi amphamvu, amayi."

Mpaka kukalamba kwake ankauza makasitomala kuti woyera wa Akatolika anagwirapo ntchito ndi Msilamu ndipo zinayenda bwino. Jekete anandisokera ina. Anati yoyambayo inali ya chipatala.

Ndiye inu ophunzira mundiuze, anachotsa munga ndani? Ine ndimati Dokotala. Amadu ankati ndi iye. Agogo anu ankati ndi mantha. Tinatsutsana nkhaniyi moyo wathu wonse, ndipo inali yokoma kuposa kugwirizana.

Kuyambira pamenepo tsiku la Dokotala sitinaliphonyepo. Mvula igwe, matope afike m'mawondo, tinkapita. Felista ndinkamukweza panjinga, iye atagwira ambulera, ine ndikunyowa. Tikafika pamzere ankaima kumbuyo kwanga, ndipo wansembe akamandiyandikira ankanong'oneza mokweza kuti, "Abambo, uyu musamale, amayaka." Ansembe ankasintha, achizungu, achikuda, aang'ono ongotuluka kumene kuseminale, koma aliyense anauzidwa. Ana atabadwa tinkawanyamula. Mayi busa ali m'khitchinimo, amene akuti za makandulo anasiya kalekale, ali wakhanda analuma kandulo ya wansembe n'kukana kuilavula. Mano ake anatsala pamenepo. Akumva, musaone ngati sakumva, mapoto asiya kulira.

Ndinaimba besi m'kwaya mpaka tsitsi linayera. Fakitale inatsekedwa, ndinakhala mlonda, kenako ndinagulitsa makala, koma Lamlungu besi inali yanga. Agogo anu ankati akakhala kumbuyo kwenikweni amandimva m'mabenchi, akunjenjemera. Makandulo awa anagula ndi iwo, chaka chomaliza. Anamanga okha kansaluka. Panali nyimbo ina ya Dokotala imene tinkaimba potuluka, iwo pamwamba ine pansi. Imayamba chonchi.

* * *

Agogo anakweza chibwano n'kutsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayesanso. Panangotuluka kamphepo, ngati tayala la njinga likuphwa. Anagwira pakhosi, n'kuyesa kachitatu, mitsempha itaima. Kenako anatseka pakamwa n'kuyang'ana kuwindo.

"Agogo, batire yasila?" anafunsa Mapalo, kutanthauza kuti yatha.

Ndinamutsina. Koma Agogo anamwetulira pang'ono n'kugwedeza mutu kuti inde.

Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, sindikudziwa kuyambira liti. Maso awo anali ofiira, mwina ndi utsi wa mbaula. Sananene za chipatala. Anangoti, "Vakudya vili pa tebulo. Nayenda kumapemphero, nizachedwa." Anatenga ambulera ndi makiyi a galimoto n'kutuluka. Mapalo anathamangira kutebulo.

Ine ndinatsala, chifukwa sindinadziwe kuti ndichoke bwanji. Agogo anandikodola kuti ndiyandikire. Ndinaika khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Mawu onong'ona okha ndiwo anawatsalira.

"Kuchipatala akunditumako, ndinapitako ndi agogo ako. Tinalowa awiri. Ndinatuluka ndi chitenje chawo m'pepala la pulasitiki."

Ndinangowagwira dzanja. Linali lozizira, ndipo lopepuka kuposa momwe ndinkaganizira. Tinakhala choncho mvula ikugwa pamalata a garaja.

Patapita kanthawi anandikokanso.

"Nyimbo ija sinandikanepo. Ngakhale pamaliro ndinaimba." Anapuma. "Ndikuona ngati Dokotala wanga wanditumiza kwa mnzake wa ntchito. Amatero madokotala, nthenda ikakula. Kukana ndiye kumuchititsa manyazi."

"Ndiye mupita, Agogo?"

"Usathamange ngati amako. Ndiyambe ndaonekera kwa mwini wake, Dokotala wanga. Misa yoyamba, ku Kabwata. Ndikadalitsidwa, anditengere komwe akufuna."

"Amayi savomera kupita ku Kabwata."

"Asalowe. Akhale m'galimoto aziimba zawo." Anatsokomola, n'kupukuta pakamwa. "China. Kwa dokotala ndilowa ndi iwe."

Ndinadzidzimuka. Ndinati ine sindidziwa kuyankhula ndi anthu, ngakhale m'kalasi aphunzitsi akanditchula mawu amandithawa.

"N'chifukwa chake. Amako dokotala akafunsa kuti mdala akumva bwanji, amayankha kuti mdala samva. Ine ndimangokhala ngati thumba la makala. Iwe ndikakunong'oneza, ukanena zomwezo, osawonjezera."

"Nanga bwanji osawauza nokha Amayi?"

Analoza pakhosi n'kutambasula manja. Kenako maso awo anachita kuseka. "Komanso ndikawauza ine, apambana."

Anadya phala lokha, pang'onopang'ono. Makandulo anandipatsa kuti ndiwaike m'chikwama changa cha kusukulu, kutali ndi Mapalo. Ndawakulunga m'juzi kuti asathyoke.

Magetsi sanabwere. Ndikulemba ndi tochi ya foni, ndipo Amayi sanafike. Ndikuopa. Sindinayambe ndawauzapo Amayi chochita, ngakhale kupempha kujomba kusukulu. Akhoza kunena kuti za akuluakulu ndazilowa bwanji. Akhoza kunena kuti galimoto yawo siima pakhomo pa makandulo, ndipo akatero Agogo sakwera, ndikuwadziwa. Ndayeserera mawu anga chapansipansi, ndipo nthawi iliyonse ndikumathera pakati.

Komabe mawa ndidzuka Amayi asanalowe kubafa. Ndigogoda pachitseko chawo, ndipo ndinena osayang'ana pansi kuti Agogo avomera, koma tiyambira ku Kabwata, ndipo kwa dokotala ndikulowa nawo ndine.